Baji ya Esinala

Ku London ndinapita kukawonjezera maphunziro a zamalonda, koma chinthu choyamba chimene ndinachidziwa bwino kumeneko chinali kagwiridwe ka mopu. Kwathu ku Mchinji anandiperekeza ngati nduna. Bambo anagulitsa ng'ombe, mkulu wanga anandinyamulira sutikesi mpaka pabwalo la ndege, ndipo mudzi wonse unkati mwana wapita kukatola ndalama. Palibe amene anandiuza kuti chipinda chimene ndinalipiriratu pa intaneti ku Ilford ndikachipeza muli kale munthu, atagona pabedi langa, nayenso ali ndi lisiti lake.

Masiku oyamba ndinkagona pampando m'khitchini mwa mnyamata wina wa ku Blantyre amene sanabise kuti ndamutopetsa. Lamlungu ananditengera kutchalitchi cha anthu a ku Zambia, osati kuti ndikapemphere ayi, koma kuti akanditule. Kumeneko ndi kumene ndinakumana ndi Amayi Zulu. Anali mayi wamfupi wa ku Chipata, wa mawu aakulu kuposa thupi lake, ndipo anali atakhala ku London zaka zambiri akusesa maofesi. Atamva kumene ndikuchokera anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato zanga za m'chilimwe.

"Ku Mchinji? Ah, iwe ndiwe wa kuseli kwa nyumba chabe! Tenga chola chako, tiye."

Basi, kufunsana kunathera pomwepo. Ananditengera ku Thamesmead, kumene munthu umafika pabasi yokha ndipo mphepo ya kumtsinje imalowa mpaka m'mano. Anandipatsa kachipinda kamene ankasungamo masutikesi ndi katundu wodikira kutumizidwa kwa mwana wawo wamkazi ku Chipata. Anandigulira jekete ya kaunjika, anandiphunzitsa mabasi, ndipo ndikadwala chimfine ankandithira mandimu ndi jinja pakhosi kwinaku akundikalipira kuti ndimayenda mutu uli pamtunda. Kutchalitchi ankangoti "mwana wanga", mpaka anthu ena ankaganiza kuti anandiberekadi. Ndikuyamba ndi zimenezi kuti mudziwe munthu amene ndinamuchita zimene ndinamuchitazo.

Ntchito anandipezeranso ndi iwo, kwa Bambo Mwanza, mkulu wa mpingo wochokera ku Katete, amene anali ndi kakampani koyeretsa masitolo ndi maofesi ku Ilford ndi ku Romford. Antchito onse anali a tchalitchi chomwecho. Bambo Mwanza sankalengeza ntchito m'nyuzi. Ankangoima pakhomo mapemphero akatha n'kufunsa kuti ndani ali ndi manja.

Tinkanyamuka kusanache. Manja ankang'ambika ndi mankhwala, mawondo ankalira pamasitepe, ndipo eni maofesi akatipeza tisanamalize ankatidutsa ngati tili mbali ya khoma. Komabe sindinganene kuti tinkangovutika. Panali Esinala, mayi wa ku Petauke woyandikana nyumba ndi Amayi Zulu, amene ankayimba nyimbo za kwaya akukwecha chimbudzi, ndipo akafika pa "aleluya" ankatsegula madzi. Tinkamwera tiyi m'fulasiki imodzi pasiteji ya basi. Wina akadwala mwana, mnzake ankamugwirira chigawo chake osadikira kupemphedwa, ndipo palibe ankaona kuti n'chinthu choti n'kuthokoza kwambiri. Ine ndinkati ndikamaliza kusesa, ndivule epuloni, ndiime kutsogolo kwa nyumba ya magalasi, Esinala andijambule. Chithunzicho chinkapita kumudzi pamodzi ndi kangachepe ka mwezi umenewo.

Sukulu inatha, ndinasamukira m'chipinda changa ku Ilford, koma chilolezo changa chokhalira m'dzikomo chinali ndi malire, ndipo malirewo ankayandikira. Popanda kampani yondilemba ntchito ya mu ofesi n'kundiimira kuboma, ndinayenera kubwerera ku Mchinji ndi digiri ndi manja ong'ambika. Ndinalembera makampani ambirimbiri. Onse ankandithokoza chifukwa cha chidwi changa.

Nthawi imeneyo n'kuti Bambo Mwanza atatopa ndi eni masitolo. Tsiku lina anandiitanira m'galimoto mwawo, momwe munalinso ofesi ya kampani.

"Aba ba ma shop, lelo alipo, mailo atseka," anatero. "Boma sithaba na ndalama ya munthu. Iwe Graduate, unaphunzila business. Lemba vonse vamene afuna kuti tiwine contract ya boma. Tikawina, nikupasa office na sponsorship."

Ndinavomera asanamalize kulankhula.

Boma la kumeneko siligula kwa munthu chifukwa chakuti amasesa bwino. Limafuna kuona kaye m'mimba mwa kampani. Kodi muli ndi inshuwalansi? Misonkho mumalipira? Antchito mumawapatsa malipiro amene lamulo linaika? Mankhwala mumasunga bwanji, ndipo wina akadonthezera m'diso mumatani? Muli ndi ndondomeko yoletsa ziphuphu? Mungasonyeze bwanji kuti pakati panu palibe wogwira ukapolo? Funso la ukapolo linawaseketsa Bambo Mwanza mpaka misozi, ati kapolo m'kampani muno ndi iwowo. Kampani yonse inali m'mutu mwawo ndi m'jumbo imene inkakhala pansi pa mpando wa galimoto. Ine ndinaitulutsa m'jumbomo, ndinaiwongola, n'kuisandutsa mafayilo. Ndinalemba pulani ya bizinesi yosonyeza mmene tidzakulire zaka zakutsogolo, makina amene tidzagule, ndi anthu amene tidzaphunzitse. Kunena zoona, ntchitoyo ndinkaikonda. Kwa nthawi yoyamba chifikireni, mutu wanga unali kugwira ntchito kuposa msana.

Panali gawo lina lofunsa kuti ntchito idzapitirira bwanji zinthu zikasokonekera. Pamenepo ndinadzionetsa. Ndinalemba za chipale chofewa, za sitiraka ya sitima, za chimfine chogwira anthu ambiri nthawi imodzi, za moto m'nyumba yosungiramo zipangizo. Chinthu chimodzi chokha sindinachilembe. Ine mwana wa ku Mchinji, amene ndinakula ndikuona sukulu, msika ndi munda zikuima chifukwa cha uthenga umodzi, ndinaiwala maliro. Sindinaganize kuti kampani imene antchito ake onse ndi a mpingo umodzi, zovuta zikagwa m'nyumba imodzi, kampani yonse imapita kukakhuza.

Tinawina. Sinali tenda yaikulu: nyumba imodzi ya maofesi a nthambi ina ya boma, yoti tiziyeretsa m'mamawa. Koma kwa ife inali ngati tagula mgodi. Bambo Mwanza anakachitira umboni kutchalitchi, amayi anaimba nthungululu, ndipo dzina langa linalembedwa mu kontirakiti kuti ndine woonetsetsa kuti malamulo onse akutsatidwa.

Lamulo lalikulu linali la pakhomo. Aliyense wolowa m'nyumbamo ankayenera kufufuzidwa kaye: mapepala ake, kumene wakhala, kumene wagwira ntchito, ngati anapalamulapo. Akadutsa ankapatsidwa baji yokhala ndi chithunzi chake, yotsegulira geti. Baji sinkabwerekedwa kwa wina aliyense, ndipo lamulolo likathyoledwa, kampani inkayenera kukanena yokha mwamsanga. Kubisa kunali kothetsa kontirakiti. Esinala anadutsa, ndi ena angapo. Amayi Zulu anachedwa, chifukwa panali nthawi yaitali imene anakhala kwawo akudwazika mchemwali wawo, ndipo pankafunika kalata ya apolisi a ku Lusaka imene inkayenda pang'onopang'ono. Anapitiriza kusesa masitolo, akudikira. Mupulani yanga ndinali nditawaika kukhala wogwirizira wina akalephera, baji yawo ikadzatuluka.

Malamulowo ndinawaphunzitsa muholo ya tchalitchi, nditavala tayi.

"Baji ndi ya munthu mmodzi," ndinatero. "Simubwereketsa mnzanu, simubwereketsa mwamuna wanu, simubwereketsa abusa."

"Nanga nikafa," Esinala anafunsa, "muniika nayo?"

Holo yonse inafa ndi phwete. Amayi Zulu ndiwo anawakhazika chete.

"Mvelani mwana wanga, imwe! Aziba vamene akamba. Anaphunzila uyu."

Amayi Zulu okha ndiwo anandiwombera m'manja, ndipo ine ndinadzimva shuga kwabasi.

Patapita miyezi, uthenga unafika kwa Esinala kusanache kuti mwana wake woyamba, amene anatsala ku Petauke, wagundidwa ndi galimoto ndipo watisiya. Kulira kwake kunadzutsa Amayi Zulu kuseri kwa khoma. Mafoni anayamba kuyenda, ndipo dzuwa lisanakwere amayi a mpingo anali m'mabasi kulowera ku Thamesmead. Ine uthengawo unandipeza mochedwa, ndili pakompyuta. Nditapepesa pafoni, ndinakumbukira ntchito: nanga chipinda chapamwamba cha kuboma, chimene chinali chigawo cha Esinala, wasesa ndani? Ine ndinkayesa Bambo Mwanza akonza, iwo ankayesa ndakonza ine. Ndinadikira dandaulo lochokera kuboma, koma silinabwere. Ndinaganiza kuti tachita mwayi.

Masana ndinapita kusiwa. Nsapato zinali mulu pakhomo, mipando anaitulutsa, amayi atakhala pansi ndi zitenje mozungulira Esinala, abambo ataima m'khonde ndi majekete awo. Ndinagwada, ndinapepesa, ndipo potuluka Amayi Zulu anandikodola kuti ndilowe kukhitchini.

"Usade nkhawa na floor ya Esinala," anandinong'oneza. "Nasiliza."

"Mwamaliza chiyani, Amayi?"

"Natenga baji mu coat yake, nakwela bus yoyamba. Nakolopa ponse, ma bin nachosa, ma toilet yawala. Nabwela kuno anthu akalibe na kufika bonse."

Ndinatsitsa mawu. "Mwalowa bwanji?"

"Nagunda chabe pa gate, yaseguka. Security aniuza na good morning." Anaseka pang'ono, n'kudzigwira pakamwa pokumbukira kuti tili pamaliro.

"Amayi, paja ndinanena kuti baji..."

"Unakamba vobwelekana. Ine sin'nabweleke, mwine wake alila. Unafuna boma ipeze dothi, Esinala achosewe nchito pamwamba pa malilo?"

Amayi awiri amene ankatsuka makapu anamva, ndipo mmodzi anati, "Mulungu akudaliseni, Amai Zulu." Nanenso ndinadziwa kuti kwathu zimenezi n'zimene munthu wolongosoka amachita. Wofedwa sagwira khasu. Anzake amalowa m'munda mwake osamufunsa. Mayi wamkulu ameneyu anadzuka mumdima, anasiya mnzake m'manja mwa ena, n'kukakwecha zimbudzi za boma popanda womulipira. Ndinayenera kuthokoza, koma sindinathokoze.

Bambo Mwanza ndinawakokera kumapeto kwa khonde n'kuwafotokozera. Anayang'ana uku ndi uku.

"Nindani aona? Floor ni clean, complaint palibe. Nkhala zii, Graduate. Tili pa malilo."

Pabasi yobwerera ku Ilford ndinayamba kuiganizira nkhaniyo. Pageti paja panali makamera. Makina ankasunga kuti baji ya Esinala yalowa nthawi yakuti, tsiku lomwe Esinala ankapempha tchuthi cha maliro. Tsiku lina munthu wina akanangoika zinthu ziwirizi pamodzi, kontirakiti ikanatha, kampani ikanada dzina, ndipo anthu onse aja akanabwerera kwa eni masitolo. Zimenezi zinali zoona, ndipo ndinazibwereza mumtima njira yonse. Koma pansi pa zoonazo panali china chimene sindinkafuna kuchiyang'ana: mapepala anga a viza anali atangotumizidwa kumene, ndipo ankadalira kontirakiti yomweyo.

M'mawa mwake, nditaima panja pa siteshoni ya Ilford, ndinaimbira foni mayi wa kuboma amene ankayang'anira kontirakiti yathu. Sindinauze Bambo Mwanza, sindinauze Amayi Zulu. Mayiyo anali wa mawu ofatsa. Anapepesa za maliro, anandithokoza chifukwa chonena msanga, kenako anafunsa dzina la munthu amene analowa. Ndinalitchula lonse, ndi kalembedwe kake komwe.

Zotsatira zake sizinachedwe. Esinala anamuimitsa kaye, koma ataona kuti sankadziwa kanthu anamubwezera baji yake. Kufufuzidwa kwa Amayi Zulu kuti apatsidwe baji anakutseka. Sakanalowanso m'nyumba imeneyo. Kampani anaikhululukira chifukwa inadziulula yokha, koma anafuna kudziwa kuti yachitapo chiyani pa wolakwayo. Ndondomeko ya chilango inalipo kale, yolemba ine ndemwe, ndipo inkati kugwiritsa ntchito baji ya wina ndi mlandu wochotsa munthu ntchito. Ndinkailemba ndikuganiza za akuba.

Bambo Mwanza anandiitanira m'galimoto muja.

"Ndiwe unayamba," anatero. "Ndiwe uzalemba."

Kalata yowachotsa ntchito ndinailemba m'Chingerezi chosalala, Bambo Mwanza n'kusaina. Mpaka lero ndimakhulupirira kuti kukanena kuboma kunali kosathawika. Mwina ndimadzinamiza, koma ndimakhulupirira. Chimene chimandichititsa manyazi n'chakuti kalatayo sindinaipereke ndi manja anga. Basi ya ku Thamesmead ndinkaidziwa. Kiyi wa nyumba yawo anali akadali pamakiyi anga. Ndikanapita, ndikanakhala pansi, ndikanawauza kuti Amayi, ndachita zakutizakuti, ndikalipireni. Ndinamata sitampa n'kuiponya m'bokosi lofiira la pamsewu, ndipo ndinapita kukagula chakudya chamasana.

Viza inatuluka. Ndinapatsidwa desiki m'kaofesi kamene tinachita lendi pamwamba pa sitolo ya mafoni. Mupulani ndinawonjezera tsamba la maliro: ndani agwirizira, ndani aimbira foni ndani, ndi kuti tizilembanso anthu a kunja kwa mpingo. Tsambalo linali labwino, ndipo linatithandiza kuwina nyumba yachiwiri.

Amayi Zulu anapeza ntchito yosamalira okalamba ku Romford, kuwasambitsa ndi kuwanyamula, pa msinkhu umene iwo eni akanayenera kuyamba kupepukidwa. Kuchokera ku Thamesmead unali ulendo wa mabasi osinthasintha ndi sitima. Ndinkamva kwa anthu kuti msana wayamba kuwavuta. Kutchalitchi ndinayamba kukhala kumbuyo n'kumatuluka nyimbo yomaliza isanathe. Esinala sankandiyankha moni. Tsiku lina ndinakumanizana ndi Amayi Zulu pakhomo, popanda pothawira.

"Muli bwanji, a manager?" anatero, akumwetulira pang'ono.

"Ndili bwino, Amayi, kaya inu?"

"Tiliko."

Anadutsa. Sabata yotsatira ndinapeza tchalitchi china, cha azungu okalamba, kumene palibe ankandidziwa.

Chimene chinandimaliza chinabwera ngati ulemu. Mayi wa kuboma uja anandipempha kuti ndikalankhule pamsonkhano wa makampani ang'onoang'ono ogulitsa kuboma, ndikafotokoze mmene tinachitira ndi vuto lathu. Ndinavomera, chifukwa kukana kasitomala wotere sikunali mupulani. Ndinaima kutsogolo, nditavala suti, n'kufotokoza za wantchito wina, osamutchula dzina, amene anaphwanya lamulo la pakhomo, ndi mmene kampani inachitirapo kanthu mwachangu. Za maliro ndinangonena kuti wantchito wina sanabwere pa zifukwa za kubanja. Anthu anawomba m'manja. Bambo wina anandigwira chanza nati makampani ambiri akanabisa. Pa nthawi yopuma ndinatenga sangweji, ndinailuma kamodzi n'kuisiya patebulo. Ndinakaima m'chimbudzi, ndipo ndinapezeka ndikuyang'ana m'makona kuona ngati wosesa wake anafikamo.

Zaka zinapita. Kenako foni yanga nayonso inalira m'mawa wina: anali mkulu wanga, kundiuza kuti bambo atisiya. Ndege inali ya mawa lake. Ndinauza Bambo Mwanza chifukwa cha ntchito basi, n'kukhala pansi m'chipinda changa ku Ilford. Sindinayembekezere munthu. Amene wasiya kukhuza maliro a anzake amadziwa yekha chimene chimamudikira. M'mawa wonse ndinakhala ndekha ndi sutikesi yotsegula, osadziwa choikamo.

Masana belu linalira. Nditatsegula ndinapeza Amayi Zulu, atawerama pang'ono kuposa kale, chitenje m'chiuno pamwamba pa jekete, bulangete kukhwapa. Kumbuyo kwawo kunali amayi ena a mpingo, ndi Esinala yemwe, atanyamula majumbo.

Amayi Zulu sanadikire kuti ndiwalowetse. Anandikankhira pambali, analamula kuti mipando itulutsidwe, anatumiza wina kukhitchini, wina kukaimbira abusa. Ine ndinangoima pakati pa chipinda manja ali lende. Atayamba nyimbo, m'pamene ndinalira bambo anga koyamba. Ndinalira ngati mwana, ndipo dzanja limene linkandisisita kumsana ndinkalidziwa.

Anthu atachuluka ndinawapeza Amayi Zulu ali okha m'khonde akupinda malaya anga kuti alowe musutikesi.

"Amayi," ndinayamba, "za ntchito ija..."

"Pa malilo sitikamba va nchito," anandidula, osandiyang'ana. "Nkhala pansi, wafedwa iwe. Ukabwela tizakamba."

Nditabwerako kumudzi sitinakambe. Ndinkati ndipita Loweruka, Loweruka n'kukhala Loweruka linalo. Ndinawatumizira uthenga wothokoza pafoni, iwo anayankha kuti Mulungu ndi wabwino. Kenako ndinamva kwa Bambo Mwanza kuti msana wawakanika ndipo abwerera ku Chipata. Mpingo unawachitira phwando lotsanzikana. Ine tsiku limenelo ndinali ndi lipoti loti ndimalize, ndipo ndinaonetsetsa kuti lisathe msanga.

Nanenso London inadzanditopetsa. Ndinabwerera kwathu ndi imvi zoyamba ndi mawondo olira. Ndinapeza mkulu wanga, amene kale ankanditcha dzina langa laubwana, akunditcha "bigi" ndi kundipatsa mpando wake. Nyumba ya malata imene ndinkatumizira inamangidwadi, koma munda wa kudambo anagulitsa osandiuza. Ana ake ankandilankhula Chingerezi, ndikawayankha m'Chichewa n'kumaseka. Aliyense ankadziwa kuti ku London ndinali bwana wa makontirakiti a boma, ndipo nkhani ya mopu sinkadziwika. Ndinatsegula kaofesi ku Lilongwe kothandiza makampani kukonza mapepala ofunsira makontirakiti a boma, ndipo ntchitoyo imandidyetsa mpaka lero.

Kuchokera kwathu ku Mchinji kukafika ku Chipata ndi pafupi zedi. Anthu amapita m'mawa kukagula zinthu n'kubwerako dzuwa lisanalowe. Ndinakhala nthawi yaitali ndikudziwa zimenezi. Tsiku lina nditapita kukaona manda a bambo, m'malo mokwera minibasi ya ku Lilongwe ndinakwera ya kumalire, kuchipata cha Mwami. Ndinagula shuga, mafuta ophikira ndi nsalu, ndipo njira yonse ndinkakonza mawu. Ndinali ndi chiyambi, pakati ndi mathero, ngati lipoti.

Nyumba ndinaipeza pofunsa kutchalitchi. Inali yaing'ono, ya njerwa zosapaka, kuseri kwa msika. Amayi Zulu anali pakhonde, atakhala pampando wokhala ndi pilo kumsana, ndodo ili pambali, akusankha nyemba m'lichero. Anandiyang'ana ndikulowa pageti, ndikuyenda pabwalo, mpaka ndinafika n'kugwada. Mawu onse amene ndinakonza anathawa. Ndinangoti, "Amayi, ndabwera."

"Naona," anatero.

M'nyumba munatuluka mayi wa msinkhu wanga akupukuta manja. Ndinadziwa kuti ndi mwana wawo uja, amene katundu wake ndinkagona naye chipinda chimodzi ku Thamesmead. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana amayi ake.

"Ni bandani, amama?"

Amayi Zulu anaika lichero pansi.

"Ni uja nin'kakuuza, wamene ananichosesa nchito ku London," anatero. "Mupase mpando mwana wanga, wachoka kutali."